Tesitala Yatsopano ya a Mawaya

Woyeza magalimoto anagogoda galasi la nyali ndi bolopeni, ngati akudzutsa munthu amene wagona m'katimo.

"Ndati yatsani magetsi, mayi."

"Ndayatsa, bwana."

"Ndiye kaya ndi maso angawa afa."

Kafyuzi anapotokolanso siwichi. Dimu, zii. Fulu, zii. Anazimitsa, anapuma, n'kuyatsanso pang'onopang'ono ngati akuchonderera. Palibe chinasintha. Mabuleki anali atadutsa, matayala atadutsa, maindiketa akuphethira bwinobwino, hutala italira mpaka kudzidzimutsa mayi wogulitsa madzi pageti. Zinatsala nyali ziwiri zakutsogolo basi, ndipo zonse ziwiri zinangoti tong'o, zakufa.

Woyezayo analemba kenakake papepala lake. Anali munthu wowonda, wosakwiya komanso wosaseka.

"Timatseka hafu folo. Mukabwera isanakwane, ndiyeza magetsi okhawo, mutenge chikalata chanu. Mukachedwa muyambiranso pamzere, ndipo mzere wathu wadzaza mpaka Lachitatu la sabata yamawa. Wotsatira!"

Kafyuzi anachotsa galimoto pamzere. Mayi a sukulu ya mkaka anali atanena mosapsatira: mawa seveni koloko chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera pamsewu chikhale patebulo pawo. Apo ayi, ana asanu ndi mmodzi aja aperekedwa kwa bambo wa minibasi amene wakhala akuzungulirazungulira pasukulupo. "Ana a eni ake sindingawakweze m'galimoto yopanda pepala, mwanawe," anatero mayiwo. Zaka ziwiri Kafyuzi anali akuswera pasiteji ya matakisi, dzuwa likumuwotcha, kulimbirana pasenjala mmodzi ndi amuna khumi. Iyi inali ntchito yoyamba yoti azigona akudziwa kumene akupita m'mawa.

Anayang'ana foni. Thu koloko inali itadutsa ndi mphindi khumi.

Njira yonse ankangoganiza za Loweruka. Tsiku limenelo bambo ake anasintha pulagi ya nyali yakumanzere, imene inali itasungunuka. Kuyambira pamenepo anali asanayendepo mdima utagwa, ndiye nyali anali asanaziyatse. Sanafune kuganiza zimene ankaganizazo, koma zinkabwerabe.

Galaja imene bambo ake ankagwirako ntchito inali kuseri kwa malo ogulitsira matabwa: bwalo la dothi lodetsedwa ndi oyilo, shedi ya malata, ndi mitembo itatu ya magalimoto imene eni ake anaiwala. Pakona, pomwe malata anathera, panali benchi ya bambo ake. Zaka makumi atatu ali pomwepo. Dzina lawo lenileni linatsala pachitupa. Aliyense ankangoti a Mawaya. Iyenso la Kafyuzi analitengera pa benchi yomweyo, ali wamng'ono, akamakhala pansi n'kumasanja mafyuzi m'zitini za mkaka, ofiira paokha, abuluu paokha, achikasu paokha.

"Ee, abwana a ana a sukulu afika! Tiimirire kodi?" anakuwa Jeke, makaniko wa mainjini, chimunthu chimene ankati chikhoza kunyamula galimoto anzake n'kumasintha tayala.

Kafyuzi anatsika m'galimoto. Anathamangira pakona.

"Nyali, ababa. Zonse ziwiri zafa. Andipatsa mpaka hafu folo."

A Mawaya anatembenuza mutu. Anapukuta manja pa ovolosi.

"Tsegula boneti."

Anayambira mababu. Anachotsa lakumanzere, n'kuligwedeza pafupi ndi khutu.

"Babu lakufa limalira ngati kanjere m'botolo. Ili lili chete. Taona kawaya kam'katika, iwe wa maso a dzulodzulowe."

"Kali bwino, ababa."

Lakumanja chimodzimodzi.

"Mababu awiri angafe tsiku limodzi, madala? Ankakondana?" anatero Jeke, atayedzamira chitseko.

"Sangafe. Vuto lili kumbuyo kwawo."

A Mawaya anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, kenako la m'mbali, kenako la kumbuyo.

"Ngati mukufuna tesitala yanu ija, ndinaiponda ndi tayala m'mawa, mwaiwala?" anatero Jeke. "Ndapepesa kawiri. Kachitatu ndigwada, koma mudzandidzutsa nokha."

Tesitala yakaleyo Kafyuzi anakula nayo. Inali yopanga okha: msomali wosongoka pa kathabwa, babu la indiketa, ndi waya wokhala ndi kapanira kumapeto. Kapanirako amakapanikiza pa batire, msomali n'kugunda pa waya amene akumukayikira. Moto ukakhalapo, babu limayaka. Miyezi yaposachedwayi bambo ake ankakonda kulifumbata babulo m'dzanja akamayeza, n'kudikira pang'ono asanalankhule. Iye ankayesa kuti akulitchinga ku dzuwa.

"Dikira ndilumikize ina," anatero a Mawaya. "Babu ndi msomali. Mphindi khumi basi."

"Mphindi khumi ndizitenga kuti, ababa? Nanga ija ndinakugulirani ili kuti? Yam'sitolo, yatsopano, simunaigwirepo n'kamodzi komwe!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Pansi pa shedi, mwini galaja anadzutsa mutu. Anali mwana wa amene anayambitsa galajayo, munthu wa malaya oyera amene ankaswera pampando wa pulasitiki ndi mafoni awiri. Anayang'ana a Mawaya, anayang'ana Kafyuzi, ndipo sanabwererenso pa foni.

A Mawaya anapita pa benchi mwakachetechete. Anafufuza m'chitini n'kubwera nayo, ikadali m'pepala lake. Inali ngati sikuludalaiva, ya chigwiriro choonekera m'kati. M'chigwiriromo munali kanyali kofiira, kakang'ono ngati kambewu ka phwetekere. Anapanikiza kapanira pa batire, n'kugunda nsonga mbali ina ya batirelo monga amachitira nthawi zonse, n'kugwedeza mutu.

"Lowa. Ndikati yatsa, uyatse."

Kafyuzi anakhala pa chiwongolero. Boneti yotsegula inamutchinga. Ankangoona zigongono za bambo ake m'mbali ndi thukuta la pamsana pa ovolosi. Dzuwa linali pamutu penipeni pa injini.

"Yatsa."

Anayatsa.

"Pa pulagi palibe moto. Zimitsa."

Anapita pa kabokosi ka mafyuzi. Sanawayang'ane n'komwe mafyuzi awiri a nyali. Anangowazula n'kuikapo atsopano a m'thumba.

"Yatsa."

Zii.

"Zimitsa. Yatsa. Zimitsa. Yatsanso."

Kafyuzi anasuzumira pawindo. Bambo ake anali atayika chala pa rileyi, kabokosi kakuda kamene kamatsegulira moto wopita ku nyali munthu akapotokola siwichi.

"Ikugunda," anatero okhaokha. "Ndiye kuti siwichi ilibe mlandu."

Anaizula rileyiyo n'kuisinthanitsa ndi ya hutala. Hutala inalirabe. Nyali zinakanabe. Foni ya Kafyuzi inati fili koloko yadutsa ndi mphindi khumi ndi zisanu. Kuchokera pagalajapo kukafika koyezera magalimoto inali mphindi makumi awiri, msewu ukakhala wabwino. Ndipo ana asukulu akamaweruka msewuwo sukhala wabwino.

"Ababa," anatero motsitsa mawu. "Pulagi ija munasintha Loweruka. Mwina penapake..."

"Pulagi ija ndinaimanga ine."

Anangoyankha choncho. Kafyuzi analuma mlomo.

Mwini galaja anali atadzuka pampando. Anabwera pang'onopang'ono, akupewa madontho a oyilo, n'kuima manja ali kumbuyo.

"Zavuta, madala?"

"Zitheka."

"Chifukwa mnyamata uja wa kompyuta ali pafupi pomwepa. Ndikangomuimbira, mphindi zisanu wafika. Amangolumikiza kachingwe, makina n'kumuuza zonse. Masiku ano zikuyenda choncho, madala."

"Galimoto iyi inapangidwa kompyuta yakeyo isanabadwe," anatero Jeke. "Ikaiona ithawa."

Palibe anaseka. Nkhani ya mnyamata wa kompyutayi Kafyuzi anali ataimvapo kunyumba, amayi ake akunong'ona kukhitchini. Mwini galaja ankafuna benchi ya pakona ija aike munthu wina. Ankangosowa chifukwa.

Koma mumtima mwa Kafyuzi, malo ena amene anachita nawo manyazi, mawu ankati: muimbireni, muimbireni mnyamatayo.

"Siya choyatsa," anatero a Mawaya. "Tuluka, undigwirire mtolowu."

Anatuluka. Bambo ake anali atatsegula mpeni wawo wa ntchito. Anamuonetsa mtolo wa mawaya wokulungidwa ndi tepi yakuda, wonenepa ngati mkono wa mwana, wochoka pa batire kudutsa pansi pa kabokosi ka mafyuzi n'kukalowa kuseri kwa injini.

"Rileyi ikugunda koma moto sukutuluka. Zikundizunguza mutu. Ndiye kuti waya wamkulu wodyetsa rileyi waduka m'kati umu. Tisenda tepi yonseyi mpaka timupeze."

"Yonseyi? Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Ola. Mwina kuchepera."

Ola analibe. Anayamba kuwerengera m'mutu, kenako anasiya, chifukwa bambo ake anatenganso tesitala ija kuti atsimikize kamodzi komaliza. Anagunda nsonga pa mwendo wa rileyi, pomwe moto umatulukira. Anaweramira pafupi, nkhope kutsala pang'ono kukhudza chigwiriro.

Kanyali kofiira kanayaka.

Kafyuzi anakaona bwinobwino. Kanali kakang'ono, kofooka padzuwa loswa mtengo ngati limenelo, koma kanayaka.

"Waona?" anatero a Mawaya. "Palibe moto."

Anasuntha nsonga n'kugunda pa waya wonenepa uja, amene ankati waduka. Kanyali kanayakanso. Anakayang'anitsitsa, maso atatsinzina pang'ono. Kenako, ngati dzanja lachita lokha, anafumbata chigwiriro chonse n'kudikira. Anadikira monga ankachitira ndi babu la indiketa lija. Koma kanyali ka m'sitolo sikatentha.

"Apanso palibe."

Kafyuzi anayang'ana nkhope ya bambo ake. Zinthu zimene ankaziona miyezi yonseyi osaziganizira zinabwera pamodzi. Nyuzipepala imene bambo ake anasiya kugula, ati ndi mabodza okhaokha. Kuweruka faifi koloko yeniyeni, munthu amene kale ankachita kukakamizidwa kupita kunyumba. Sabata yatha, pamene anawapeza pamsewu n'kuima patsogolo pawo penipeni, ndipo anamumwetulira pokhapokha atalankhula. Babu lija sankalitchinga ku dzuwa ayi. Ankalimvera kutentha.

Anakweza maso. Mwini galaja anali ataima potalikira masitepe atatu, akuyang'ana mpeni, osati tesitala. Koma Jeke, mbali ina ya injini, ankayang'ana chigwiriro chomwecho. Maso awo anakumana. Jeke anayang'ana kumbali msangamsanga, n'kuyamba kukanda khosi.

A Mawaya anayika mpeni pa tepi.

Kungonena kuti "kayaka" kunali kosavuta. Mawu amodzi okha, ndipo ola lija likanapulumuka. Koma mawu amodziwo akanagwera m'khutu la munthu wa malaya oyerayo, ndipo pofika mawa benchi ya pakona ikanakhala ndi kompyuta. Kukhala chete, ana asanu ndi mmodzi akwera minibasi. Iye anali munthu woti ngakhale kusukulu yankho akulidziwa sankakweza dzanja.

Mpeni unang'amba tepi kutalika ngati chala.

"Bwana!" anakuwa Jeke mwadzidzidzi, ngati walumidwa ndi mavu. "Ndinaiwala! Giyabokosi ya adokotala ija. Tabwerani muone zimene ndapezamo, musadzati Jeke ndi amene waswa. Mano atatu, bwana, kuguluka ngati a agogo anga!"

"Ndibwera."

"Ayi, panopa, ndisanatseke. Adokotala akubwera folo koloko, ndipo mukuwadziwa pakamwa pawo."

Mwini galaja anatsonya. Anayang'ananso a Mawaya kamodzi, n'kutsatira Jeke kumapeto kwa bwalo. Mawu a Jeke ankamveka kutali, akufotokoza za mano aja limodzilimodzi ngati akuwerenga maliro.

Kafyuzi anagwira mkono wa bambo ake, umene unali ndi mpeni.

"Ababa," anatero monong'ona. "Ndipatseni tesitala. Ine ndizigunda, inu muzindiuza pogunda."

"Usandisokoneze iwe, nthawi yatha."

"Ndipatseni, ababa. Chonde."

Mwina ndi mmene ananenera. A Mawaya anaima. Sanamuyang'ane. Kenako anatambasula dzanja, tesitala ili pachikhatho.

"Mwendo wa rileyi," anatero ndi mawu osasa. "Wa kumbali ya batire."

Anagunda. "Moto ulipo."



"Wina uja. Wotulukira."

"Moto ulipo."

"Wabwera tsopano lino?"

Akanatha kunama. Anaganiza zonama.

"Unalipo kale, ababa."

A Mawaya anapinda mpeni pang'onopang'ono mpaka unati kwapu. Anagwira m'mphepete mwa galimoto ndi manja onse awiri, mutu uli pansi. Kafyuzi anaona imvi za kumbuyo kwa khosi lawo zitanyowa. Ankaopa kuti akalipa. Ankaopa kwambiri kuti sakalipa.

"Nthawi ili bwanji?"

"Kota tu folo."

"Pulagi ya kumanzere. Miyendo itatu. Yambira wam'mwamba."

Anazula pulagi n'kugunda. "Ulipo."

"Kaike pa fulu, ubwere ugunde wam'mbali."

Anathamanga, anabwera. "Uliponso."

"Kumanja."

"Chimodzimodzi."

A Mawaya anawongoka. Mawu awo anabwerera m'malo mwake, mawu aja ankaphunzitsira anyamata ambirimbiri amene tsopano ali ndi magalaja awo.

"Ndiye moto ukufika. Ukufika koma ulibe pobwerera. Ndinakuuza chiyani uli wamng'ono? Moto suyenda ulendo wopita kokha. Ndi ethi iyi."

Ethi anaikumbukira: waya wakuda amene amamangidwa pa chitsulo cha galimoto kuti moto ubwerere ku batire. A Mawaya sanafunse kuti wakuda ndi uti. Anagwira kuseri kwa pulagi, zala zikuwerenga mawaya, n'kusankha mmodzi. Anamutsatira ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kutsika kuseri kwa nyali, kudutsa pansi pa paipi ya madzi, mkono wonse kulowa mpaka paphewa. Maso anali atatseka. Pansi penipeni wayayo anakumana ndi mnzake wochokera kumanja, ndipo awiriwo anathera pa kabawuti kamodzi.

Zala zinaima.

"Nati ndi yolimba," anatero. Anapapasa mozungulira. Anapapasanso. "Koma pano pakuterera bwanji? Pano pamakhala pokakala."

Anatulutsa dzanja n'kununkhiza nsonga za zala.

"Wapaka penti pano ndani?"

Kafyuzi anakumbukira.

Lamlungu. Tsiku lonse la Lamlungu anaswera pa galimotoyo, akuikonzekeretsa kuti woyeza asapeze ponena. Anachapa mipando, anapukuta injini, ndipo ataona dzimbiri kuseri kwa nyali anagula kachitini ka penti yakuda yolimba ija yoteteza dzimbiri. Anapaka kawiri, mosamala. Ndipo popeza anali mwana wa a Mawaya, amene anamva kambirimbiri kuti waya sapakidwa penti, anamasula kaye nati, kuchotsa mawaya awiriwo, kupaka chitsulo chonse ndi kabawuti komwe, kudikira kuti iume, n'kuwabwezeretsa pamwamba pake mwaukhondo.

"Ndine, ababa. Mawayawo ndinawachotsa kaye kuti asade."

A Mawaya anatulutsa kamphepo m'mphuno, kosafika pa kuseka.

"Mawaya ako ndi oyeradi. Sipanala ya teni. Ili pa msomali wachitatu kuchokera kumanzere."

Anathamanga. Inali pomwepo. Bambo ake analowetsanso mkono, ndipo nati inatuluka itamatirira penti. Anamupatsa kuti aigwire. Kenako anatsegula mpeni uja n'kuyamba kupala. Ankapala osaona, khutu litatsamira pa galimoto, kumvera kulira kwa mpeni. Poyamba unkalira mofewa. Kenako unayamba kukwecha.

"Chitsulo chimenecho. Sandipepala."

Anakwecha kabawuti, anakwecha timphete ta mawaya, anakwecha kunsi kwa nati. Kafyuzi ankangosinthasintha miyendo. Sanayerekeze kuwafulumizitsa. Folo koloko inakwana nati ikulowa. Inakana kaye, inalowa mopingasa, anaibweza, inalowanso.

"Bwezera mapulagi. Siwichi ikadali pa fulu?"

"Eya."

Anakankha pulagi yakumanzere. Ngakhale padzuwa, anaona galasi likusanduka loyera. Yakumanja chimodzimodzi.

"Zayaka! Ababa, zayaka!"

A Mawaya anazungulira kutsogolo, n'kuyika chikhatho pa galasi la nyali yakumanzere. Anadikira. Anasunthira kumanja, n'kudikiranso.

"Dimu."

Anasintha. Zinayaka.

"Ukudikiranso chiyani? Thamanga!"

Boneti inagwa kuti phwaa. Akubwerera m'mbuyo anaona mwini galaja akutuluka kuseri kwa galimoto ya adokotala, ndipo anamva Jeke akukuwa kuti, "Mwaona, bwana? Kompyuta yathu ndi imeneyo, yosafuna kutchaja!"

Inali folo koloko ndi mphindi zisanu ndi ziwiri.

Nyali sanazizimitse. Ankaopa kuti akazimitsa sizidzukanso. Anthu a m'mbali mwa msewu ankamukodola, kutsegula ndi kutseka zala kumuuza kuti waiwala magetsi. Pa mphambano yoyamba anadutsa bwino. Pa yachiwiri panali lole ya njerwa imene inkabwerera m'mbuyo kulowa pageti lopapatiza, ndipo munthu wowongolera ankakuwa "bwera, bwera" ngati dziko lonse lili patchuthi. Kafyuzi anagwira chiwongolero molimba. Anawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, kawiri. Lole italowa, ana asukulu anayamba kuwoloka, mzere wautali wa mayunifolomu, ena akuyenda chobwerera akuseka. Sanaimbe hutala. Mawa, mwina, ana ngati amenewa akhala kumbuyo kwake.

Anafika geti litatsekedwa mbali imodzi. Mlonda anali atagwira mbali inayo. Kafyuzi analowetsa mphuno ya galimoto pampata wotsalawo n'kuima.

"Mayi, mufuna kundiponda?"

"Pepani, achimwene. Akundidikira."

Woyeza uja anali pakhonde, chikwama chili kale paphewa. Anayang'ana wotchi ya pamkono nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti aone nthawi. Kenako anatsika masitepe n'kuima kutsogolo kwa galimoto.

"Zimitsani."

Anazimitsa.

"Dimu."

Anapotokola. Mathalauza a woyezayo anawala m'mawondo.

"Fulu."

Kuwala kunakwera mpaka pa lamba.

"Linali chiyani?"

"Ethi, bwana. Penti."

"Amene wapeza zimenezo pa maola awiri amadziwa ntchito," anatero, akuvula chikwama paphewa. Analowa mu ofesi. Kafyuzi anamva kabati ikutsegulidwa, kenako chidindo chikugunda patebulo.

Anabwerera kugalaja dzuwa litapendeka. Mpando wa pulasitiki unalibe munthu. Jeke ankasamba m'manja ndi sopo wa ufa pa mpopi. Atamuona anangokweza nsidze, ndipo iye atagwedeza mutu, anapitiriza kusamba akuimba kanyimbo. Faifi koloko inali itadutsa, koma a Mawaya anali akadali pa benchi. Patsogolo pawo panali kathabwa, msomali, ndi babu la indiketa. Ankakulunga tepi.

"Wapeza?"

"Ndapeza."

Anawapatsa chikalatacho. Anachigwira m'mphepete kuti asachidetse. Anachiyandikitsa kumaso, kenako anachitalikitsa. Kale akanati, "Chabwino," n'kumubwezera. Lero anachigwira kanthawi.

"Tandiwerengera."

Anawawerengera chonse, nambala ya galimoto, tsiku, mpaka dzina la ofesi. Iwo ankangogwedeza mutu.

Anakhala pa chitini chachikulu cha girisi pafupi nawo, pomwe ankakhala ali mwana.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha, nthawi ya mvula. Poyamba ngati utsi." Anamangitsa tepi ndi mano. "Tsopano zili ngati galasi la nyali lakalekale lija, lochita chikasu. Zazikulu ndimaona. Zofiira ndi zakuda zimandisokoneza."

"Jeke akudziwa."

"Mafyuzi m'zitinimu amandisanjira ndi iyeyo. Amayesa sindidziwa."

Kafyuzi anatola kachidutswa ka waya pansi n'kumakapinda.

"Ana ndikawasiya eyiti koloko, ndikawatenga thwelofu. Pakatipo galimoto ingokhala. Kuchipatala chachikulu amaona maso Lachinayi."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndimatulako anthu."

A Mawaya sanavomere, sanakane. Anapanikiza kapanira ka tesitala yawo yongopanga kumeneyo pa batire lakale la pansi pa benchi, n'kugunda msomali mbali ina. Babu linayaka. Analifumbata, anadikira, n'kuyika chipangizocho m'thumba la pachifuwa. Yam'sitolo ija anaikankhira kwa iye.

"Iyi izikhala m'galimoto mwako. Ndipo amako usawauze."

"Amayi? Amene anasiya kukuikirani kapu ya tiyi patebulo, n'kuyamba kukupatsirani m'manja?"

A Mawaya anaseka, pang'ono, akupukusa mutu.

"Nyumba yonse ya akazitape."

"Tiyeni, ndikakutuleni."

"Ndili ndi miyendo."

"Kwada, ababa."

Anayang'ana kumwamba, ngati akufuna kutsutsa, koma anadzuka. Anakhoma kabati, anapapasa loko kawiri, n'kuyenda kupita ku galimoto. Asanalowe anaima kutsogolo kwake, moyang'anana ndi khoma la malo a matabwa.

"Tayatsa dimu."

Anayatsa. Mabwalo awiri oyera anagwera pakhoma.

"Awa ndikuwaona," anatero. Anapendeketsa mutu. "Lakumanzere lakwera. Uziwathobwa anzako m'maso. Woyeza wakoyo sanaone?"

"Anali ndi chikwama paphewa."

"Mawa ukatula anawo ubwere nayo. Ubwere ndi maso akowo, ine ndibwera ndi sipanala."

Anatsegula chitseko n'kukhala mpando wakutsogolo, chikalata chija atachigwirabe m'mphepete.